Impso ya cilendo ifuna nkhoswe

Pa 6 Okutobala 2025, akuluakulu a ku Stockholm m'dziko la Sweden analengeza kuti mphoto ya Nobel ya za mankhwala yapita kwa anthu atatu: Shimon Sakaguchi wa ku Japan, ndi Mary Brunkow pamodzi ndi Fred Ramsdell a ku America. Sitikhulupirira kuti pa msika wa nthoci ku Nyimba kapena pa Boma la Petauke panali amene anaimitsa nchito kuti amvetsere nkhaniyi. Koma ife tiona kuti zimene anthu atatuwa anapeza zikhudza mlimi wa kuno kupambana m'mene zikhudzira munthu wolemera wa ku Ulaya, ndipo tifuna kulongosola cifukwa cake.

Tonse tidziwa za asilikali a m'thupi. Mau amenewa anatiphunzitsa ndi matenda a Edzi, ndipo tinawaphunzira ndi misozi, kotero kuti lero ngakhale agogo amene sanapondeko m'kalasi adziwa kufunsa mdzukulu wao kuti, "Nanga CD4 akuti yafika pati?" Tinazolowera kuganiza kuti asilikaliwa akaculuka ndiye kuti zinthu zili bwino, akacepa ndiye kuti manda ayandikira. Zimenezo n'zoona, koma nkhani siithera pamenepo. Msilikali wopanda womuletsa ndi coopsa pamudzi. Thupi limene asilikali ake angomenya ciliconse cimene akumana naco limadzidya lokha. Amenya mfundo za mafupa, amenya khungu, amenya matumbo, ndipo mwa ana ena amaononga kaciwalo kamene kapanga insulin, mwana n'kudwala shuga akali wamng'ono.

Tsono pakati pa asilikali omwe aja a CD4 pali kagulu kocepa, ngati 5 kufika 10 pa 100 alionse, kamene nchito yake si kumenya koma kuletsa anzao. Madotolo akachula kuti regulatory T cells, mwacidule Treg. Ife pano tiwachula ankhoswe, pakuti nchito yao ndi yomweyo imene nkhoswe acita m'banja. Mkamwini akabwera kudzakhala pamudzi wa mkazi wake, iye ndi mlendo, ndipo alamu ake sacedwa kumuonera zolakwa. Nkhoswe ndiye aima pakati n'kunena kuti, "Uyu musamukhudze, ndi wathu."

Sakaguchi anaonetsa zimenezi mu 1995. Mbewa zimene anazipatsa asilikali atacotsamo kagulu aka zinayamba kudzidya zokha m'mimba ndi m'ziwalo zina, pamene zimene zinalandira asilikali pamodzi ndi kaguluko zinakhala bwino. Inde, mbewa. Anzathu Abemba amene amatiseka ife a Kum'mawa kaamba ka ndiwo imeneyi adziwe kuti mbiri yake inafika mpaka ku Stockholm. Akatswiri ambiri a nthawi imeneyo anakayika. Koma mu 2001 Brunkow ndi Ramsdell, pofufuza mtundu wina wa mbewa zamphongo zimene zinali kubadwa n'kufa patapita milungu yocepa, khungu lili mambamamba, anapeza kuti mwa malangizo a cibadwa amene mwana alandira kwa makolo ake munali kacidutswa kamodzi koonongeka, kochedwa Foxp3. Anapezanso kuti ana aamuna odwala matenda oopsa ochedwa IPEX ali ndi vuto pa kacidutswa komweko. Mu 2003 Sakaguchi anamanga mfundo: kacidutswa kameneka ndiko kamapanga ankhoswe aja. Popanda iko, thupi likhala mudzi wa nkhondo.

Amai onse amene anatengapo pakati anathandizidwa ndi ankhoswe amenewa osadziwa. Mwana wa m'mimba theka lake ndi la atate wake, motero kwa asilikali a mai iye ndi mlendo. Cimodzi mwa zimene zimucinjiriza miyezi 9 ndi kuculuka kwa ankhoswe pa nthawi ya pakati.

Nanga zikhudzana bwanji ndi impso? Munthu impso zake zikaleka kugwira nchito, njira ndi ziwiri cabe. Yoyamba ndi makina ocapa magazi, dialysis, kawiri kapena katatu pa sabata, maola ngati 4 ulendo ulionse, mpaka imfa. Yaciwiri ndi kulandira impso ya munthu wina. Kusoka impso m'thupi madotolo anakudziwa kalekale. Cimene cinawalepheretsa zaka zambiri ndi asilikali aja, amene aona impso yatsopano ngati mbala yolowa usiku. Mlimi amene alumikiza nthambi ya mango okoma pa tsinde la mango a kaweni angadabwe kuti cavuta n'ciani. Mtengo ulibe asilikali otere. Munthu ali nao.

Amene anayamba kutsegula maso a madotolo ndi ng'ombe. Oweta adziwa kuti ng'ombe ikabala mapasa, kamphongo ndi kakazi, kakazi kaja kawirikawiri sikadzabala. Cifukwa cake n'cakuti mapasawo agawana magazi akali m'mimba. Mu 1945 Ray Owen wa ku Wisconsin anapeza kuti mapasa otere akula ali ndi magazi a mnzao m'thupi, thupilo osawakana. Pambuyo pake Peter Medawar wa ku Britain ndi anzake anasoka khungu la wina pa mnzake pakati pa mapasa a ng'ombe, ndipo linagwira. Apa m'pamene anthu anadziwa kuti thupi lingaphunzitsidwe kulandira mlendo. Medawar analandira mphoto ya Nobel mu 1960.

Impso yoyamba kugwira bwino inaikidwa pa 23 Disembala 1954 ku Boston ndi dotolo Joseph Murray, amene anali Mkatolika wolimbikira. Inagwira pakuti wopereka ndi wolandira, Ronald ndi Richard Herrick, anali mapasa ofanana ndendende, asilikali sanaone kusiyana. Richard anakhalanso ndi moyo zaka 8. Ronald, amene anatsala ndi impso imodzi, anafika mpaka 2010. Koma ndi angati a ife amene ali ndi mnzao wamapasa? Kwa ena onse madotolo anayamba kugwiritsa nchito mankhwala ogoneka asilikali, ndipo mtengo wake unaoneka msanga. Pa 3 Disembala 1967 Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town. Mtimawo unagunda bwino. Washkansky anamwalira patapita masiku 18 ndi cibayo, cifukwa asilikali amene akanamuteteza anali atagonekedwa.

Kucokera nthawi imeneyo mankhwala anakonzedwa bwino. Cyclosporine anayamba kufala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pambuyo pake kunabwera tacrolimus, ndipo anthu zikwizikwi akhala zaka zambiri ndi impso, ziwindi ndi mitima ya anzao. Nafenso sitinatsalire: mu 2018 madotolo pa cipatala ca UTH mu Lusaka anaika impso mwa wodwala kwa nthawi yoyamba m'dziko muno. Kale ulendo wotere unali wa ku India kapena ku South Africa, wa okhao a m'thumba mwakuya kapena amene boma linawatumiza. Tiyamika madotolo athu pa nchito imeneyi.

Koma walira mvula walira matope. Wolandira impso ayenera kumwa mankhwala ogoneka asilikali tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, moyo wake wonse. Akaleka masiku ocepa cabe, asilikali adzuka n'kuyamba kuononga impso ija, mphatso ya mlongo wake n'kupita pacabe. Akamwa mocepa impso ikanidwa, akamwa mopitirira mankhwala omwewo aononga impso imene afuna kuiteteza, motero magazi ayenera kupimidwa kawirikawiri, ndipo kupima kwake si kwa pa kiliniki ya pamudzi. Mankhwalawa akweza BP, ena abweretsa shuga. Coopsa koposa kwa ife n'cakuti agoneka asilikali onse pamodzi, osasankha, kotero kuti cifuwa ca TB cimene cinali cigonere m'mapapo cidzuka, ndipo kansa zina monga ya Kaposi, imene tinaiona kwambiri m'zaka za Edzi, zipeza khomo lotsegula. Ndipo ngati TB yabwera, rifampicin, mmodzi mwa mankhwala ake, acititsa kuti tacrolimus athe msanga m'magazi, dotolo n'kuyambanso kuwerengera mwatsopano.

Tsopano ganizani za mlimi wa kwa Mfumu Nyanje, kwa Sandwe kapena kwa Ndake. Kucoka ku Petauke kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 400. Ndalama yake aiona kamodzi pa caka, akagulitsa cimanga, nshawa kapena thonje. Kaya mankhwalawo alipira ndi boma, kaya ndi inshuwalansi, kaya ndi acibale a ku tauni, basi alipira yekha, cakudya ca pa ulendo agula yekha, ndipo m'mwezi wa Disembala sabata imene ali ku Lusaka ndi sabata imene udzu ukula m'munda. Munthu wa ku London amwa mankhwala omwewo, koma sakhala pakati pa TB monga ife, ndipo cipatala cili kuseri kwa nyumba yake. N'cifukwa cake tinena kuti njira iliyonse yocepetsa mankhwala amenewa ndi nkhani ya wosauka poyamba.

Njira imene akuyesa ndi iyi. Atenga magazi a wodwala, asankhamo ankhoswe aja, awaculukitsa m'cipinda copimira kwa milungu ingapo mpaka afike mamiliyoni, kenaka awabwezera m'thupi impso yatsopano itaikidwa. Ciyembekezo n'cakuti m'malo mogoneka gulu lonse la nkhondo, ankhoswe akaime pa impso ija yokha n'kuletsa ndeu, asilikali ena apitirize kulondera mudzi.

Zotulukapo zake zilipo, ngakhale n'zocepa. Ku yunivesite ya Hokkaido ku Japan, Satoru Todo ndi anzake analengeza mu 2016 za anthu 10 amene analandira cidutswa ca ciwindi kwa munthu wamoyo pamodzi ndi maselo oletsawa. Mwa iwo, 7 analeka mankhwala onse ogoneka asilikali, ciwindi cili bwinobwino. Otsala 3 thupi linayamba kukana ciwindi, ndipo anabwezeredwa pa mankhwala. Mu 2020 zipatala za ku Germany, Britain, France ndi America zinatulutsa zotsatira za kafukufuku wochedwa ONE Study, wa anthu olandira impso. Anthu 38 anapatsidwa maselo oletsa a mitundu yosiyanasiyana. Maselowo sanawapweteke, kukanidwa kwa impso kunali kofanana ndi kwa anzao a mankhwala okhaokha, matenda opatsirana anawagwira mocepa, ndipo 15 mwa iwo anatsala akumwa mtundu umodzi cabe wa mankhwala.

Owerenga athu aone bwino manambala amenewa: 10 ndi 38. Ndi ocepa kuposa ana a kalasi imodzi ya Ukaristia woyamba pa parishi. Njira imeneyi ikali kuyesedwa, siinakhale cithandizo ca masiku onse, ndipo kuculukitsa maselo a munthu mmodzimmodzi kufuna zipinda zaukhondo woposa ndi ndalama zambiri. Palinso cenjezo lakuti ankhoswe akaculuka pamalo polakwika abisa mbala: zotupa za kansa zimadziunjikira ankhoswe kuti asilikali asazione. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Maselo amenewa akali pacala.

Motero ngati pali wina m'banja lanu amene analandira impso, asayese kucepetsa kapena kuleka mankhwala kaamba ka zimene wawerenga pano, kapena kaamba ka zimene wauzidwa ku mapemphero a usiku. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Ndipo acenjere ndi anyamata a m'mabasi ndi m'misika amene agulitsa mabotolo ndi maufa akuti akweza citetezo ca thupi. Ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe cimene cili m'botolomo. Kukanakhala kuti cikwezadi citetezo, kwa munthu wa impso ya cilendo cikanakhala ciphe. Posacedwa mudzamva ena akufuula dzina la Nobel pogulitsa makungwa. Musawapatse ngakhale ngwee imodzi.

Kwa boma tinena izi. Kuika impso mwa munthu n'kumusiya adzionere yekha mankhwala kuli ngati kupatsa mlimi mbeu m'Novembala, fataleza n'kufika m'Febuluwale. Amene alandira impso ku Lusaka ayenera kutsatidwa ndi mankhwala ake mpaka kwao, osaphonya mwezi, ndipo zipatala monga Chipata Central ndi Kalindawalo zikonzekeretsedwe kumuyang'anira kuti asaoloke Luangwa mwezi ndi mwezi. Wina anganene kuti n'zosatheka. Ananenanso cimodzimodzi za ma ARV, kuti munthu wa kumudzi sangasunge nthawi yomwera mankhwala. Mu 2005 boma la a Levy Mwanawasa linayamba kuwapereka mwaulere, ndipo lero anthu atenga ma ARV pa makiliniki a m'midzi ndi kulima minda yao. Ku Cape Town dotolo Elmi Muller anayamba mu 2008 kuika impso za anthu a kacilombo ka HIV mwa anzao a kacilombo komweko, ndipo zinagwira, pamene ambiri anali kunena kuti wa kacilombo asayembekezere impso. Tipemphanso akatswiri athu a ku UNZA ndi a kafukufuku wa matenda ku Ndola kuti asangoonerera kafukufuku wa ankhoswe ali patali. Kuyesa kumene tachulaku kunacitikira m'maiko amene TB ndi malungo n'zocepa. Funso lakuti maselowa adzacita bwanji m'thupi la munthu wa m'cigwa ca Luangwa lidzayankhidwa pokhapo wina atalifunsa.

Koma ngakhale ankhoswe a m'magazi atagwira nchito mawa, impso siigulidwa m'sitolo. Icokera kwa munthu. Apa ndi pamene ife Akhristu tili ndi nchito, pakuti nkhaniyi kwathu ili ndi mantha akale. Makolo athu anali kuthawa akamunyama, ndipo panali nthawi imene ngakhale ansembe anaganiziridwa kuti atenga magazi a anthu. Mu 2016 mitembo inapezeka m'makomboni a Lusaka itacotsedwa ziwalo, mkwiyo n'kugwera masitolo a alendo ocokera ku Rwanda. Kumayambiriro kwa 2020, pa nthawi ya mphekesera za gasi, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Kupha munthu kaamba ka zizimba ndi cimo lalikulu ndi mlandu, ndipo ocita zotere alangidwe. Koma tisasokoneze zimenezo ndi nchito ya cipatala. Impso yodulidwa kuthengo ilibe nchito kwa dotolo aliyense. Iyenera kucotsedwa ndi akatswiri m'cipinda ca opaleshoni, magazi a anthu awiriwo atapimidwa kale kuti agwirizana, isungidwe pozizira, iikidwe mwa wodwala pasanathe tsiku limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mtima ndiye sudikira kupitirira maola 4 kufika 6.

Eklezia pa nkhaniyi sanabise mau. Papa John Paul II, amene anaceza kuno ku Zambia mu 1989, anayamikira kupereka ziwalo m'kalata yake Evangelium Vitae ya 1995, ndipo pa 29 Ogasiti 2000 anapita yekha kukalankhula kwa madotolo oika ziwalo pa msonkhano wao ku Roma. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2296, aphunzitsa kuti kupereka ciwalo n'kololedwa ndipo n'koyamikika, malinga ngati woperekayo wavomera mwa ufulu wake ndiponso ngati ngozi imene adziika ilingana ndi ubwino umene wodwala adzapeza. Kugulitsa ciwalo Eklezia akana kotheratu. Kwa amene ada nkhawa kuti pa tsiku lomaliza adzauka opanda impso imodzi, tiwakumbutse kuti Luangwa yadya abale athu ambiri kupyolera m'kamwa mwa ng'ona, ndipo palibe katekisti amene anaphunzitsapo kuti iwo sadzauka athunthu.

Mau akuti "mwa ufulu wake" tiwagwire zolimba, pakuti m'mabanja athu ufulu wa wamng'ono ndi wocepa. Amalume a ku Lusaka amene analipirira sukulu ana a mlongo wao akadwala impso, maso onse adzayang'ana mwana wamasiye amene anakulira m'nyumba mwao. Mkazi wokwatiwa angaope kukana mwamuna kuopa apongozi. Impso yoperekedwa mwa mantha, kapena yobwezera ngongole ya sukulu, si mphatso. Pamenepa m'pofunika ankhoswe enieni, a miyendo iwiri, akulu a banja ndi a mphakati, oti akhale pansi ndi mnyamatayo kapena mtsikanayo payekha n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, ukakana sunacimwe." Madotolo naonso amafunsa woperekayo payekha, ndipo samutenga ngati ali ndi BP, shuga kapena impso zofooka. Munthu wa umoyo wabwino akhala bwino ndi impso imodzi, alima ndi kubala ana, ngakhale ayenera kupimitsa nthawi ndi nthawi.

Ife amene titsogolera mapemphero a maliro m'midzi timva kawirikawiri mau akuti malemu anatupa miyendo ndi nkhope, ndipo pambali anthu anong'onezana za ufiti kapena za mdulo. Ena mwa maliro amenewa ndi a impso zimene zinaonongeka pang'onopang'ono kwa zaka, mwini wake osamva kuwawa kulikonse. Zimene ziononga impso kwambiri ndi BP ndi shuga zosapimidwa. Ziononganso likodzo losacizidwa la ana osambira m'madambo, malungo aakulu, mapiritsi oletsa kuwawa monga Brufen ndi diclofenac akamwedwa tsiku ndi tsiku pa nyengo yolima, mizu yosadziwika muyeso, ndi mankhwala ena ophera udzu amene anthu asungira m'mabotolo a zakumwa.

Tipempha makhonsolo a maparishi ndi a masiteshoni m'maboma a Petauke ndi Nyimba kuti pakati pa Juni ndi Sepitembala, nchito ya m'munda itacepa, agwirizane ndi kiliniki yapafupi kuti anamwino abwere ndi makina opimira BP ndi shuga Lamulungu limodzi, apime anthu potuluka m'chalichi. Amene apezeka ndi BP yokwera alembedwe kwa mkulu wa mphakati wao ngati avomera, kuti pakhale womukumbutsa tsiku lokatenga mankhwala. Ndipo amene aona miyendo kapena nkhope ikutupa, mkodzo wa thovu kapena wa magazi, apite ku Minga, ku Kalindawalo, ku cipatala ca Boma la Petauke kapena ca Nyimba sabata yomweyo, akapemphe kuti amupime mkodzo ndi magazi a impso.